Sri Yantra yochokera kwa apongozi: kuizindikira, kuiika pamalo pake ndi kuisamala

Funso: Ndinakwatiwa m'banja lachihindu ndipo tikukhala ku Durban. Titalowa m'nyumba yathu, apongozi anga aakazi anatipatsa kambale kamkuwa kojambulidwa mizere yambiri yopingasana, akuti ndi Sri Yantra. Amuna anga amangokumbukira kuti amayi awo ankathirapo ufa wofiira Lachisanu lililonse, zina sakuzidziwa. Anzanga akuti ndi chithumwa choitanira ndalama, ndichipachike pakhomo. Kodi chinthuchi n'chiyani kwenikweni, tichiike pati, ndipo tizichita nacho chiyani? Chinanso, chayamba kubiriwira m'mizeremo.

Yankho: Mayi, pakhomo musachipachike. Ogulitsa zinthu zachipembedzo amakonda kulengeza Sri Yantra ngati chokokera chuma, ndipo n'zoona kuti Ahindu ambiri akamapemphera pamaso pake amapempha mtendere ndi ulemerero wa banja. Koma kwa amene amaidziwa, makamaka otsatira mwambo wa Sri Vidya umene unazika mizu kummwera kwa India, chithunzichi ndi mpando komanso thupi la Devi, mulungu wamkazi wotchedwa Lalita Tripurasundari. Ulemu umene amapereka kwa fano la m'kachisi ndi womwewo umene amapereka kwa kambaleka. Ku kachisi wa Kamakshi mumzinda wa Kanchipuram, Sri Chakra, lomwe ndi dzina lina la chithunzi chomwechi, ili patsogolo pa fano lenilenilo ndipo ansembe amaperekera nsembe zamaluwa ndi ufa wofiira pamenepo. Chinthu chotere sachiika pamene anthu amavulira nsapato.

Musanachite china chilichonse, funsani apongozi anu funso limodzi: kodi yantrayi inachitiridwa prana pratishtha? Umenewu ndi mwambo umene wansembe kapena mphunzitsi amaitanira Devi kuti akhale m'chithunzicho. Yankho lawo ndilo lidzakuuzani kukula kwa udindo wanu. Ngati mwambowo sunachitike, kambaleko ndi chithunzi chopatulika chothandiza kusinkhasinkha, ndipo mukhoza kukayatsira nyali pamene mwapeza mpata. Ngati unachitika, Ahindu amati m'nyumba mwanu muli mlendo wokhazikika amene sayenera kugona osayatsiridwa nyali kapena kupatsidwa kanthu. Popeza apongozi anu ankaithira kumkum, ufa wofiira uja, Lachisanu lililonse, n'kutheka kwambiri kuti inapatulidwa. Afunseninso amene anaipatula komanso mapemphero amene iwo ankanena, chifukwa m'nkhani izi mwambo wa banja ndi wa mphunzitsi umaposa malangizo a munthu wakunja aliyense, kuphatikizapo amene ndikupatsani panowa.

Tsopano tengani kambaleko pamalo owala muwerenge zimene zalembedwapo, kuyambira kunja. Kumalire kuli mpanda wa sikweya wa mizere 3, wokhala ndi zipata 4, chimodzi mbali iliyonse. Mpandawu amautcha bhupura. Mkati mwake muli mikombero, kenako duwa la lotasi la masamba 16, kenako lina la masamba 8. Pakatikati ndi pamene pali mathirayango 9 aakulu olowana. Mwa amenewa, 4 nsonga zake zaloza kumwamba ndipo amaimira mulungu wamwamuna Shiva, pamene 5 zaloza pansi ndipo amaimira Shakti, mphamvu yachikazi. Kulowana kwawo kumabala timathirayango 43, tosanjika m'magulu: 14 kunja, 10 motsatira, 10 enanso mkati, 8, kenako kamodzi kapakati. M'kati mwa kameneka muli kadontho kotchedwa bindu, pamene Devi amakhala. Mukaphatikiza mpanda, maluwa awiri, magulu 5 a timathirayango ndi kadontho, mupeza zigawo 9. Zigawozi amazitcha avarana, ndipo wopembedza amazidutsa chimodzichimodzi ngati munthu wolowa kwa mfumu kudzera pazipata zotsatizana.

Chigawo chilichonse chili ndi dzina ndi milungu yake yotumikira. Pampanda wakunja, wotchedwa Trailokyamohana, ndi pamene amalemekezera milungu yachikazi 8 yotchedwa amayi, kuyambira Brahmi mpaka Mahalakshmi. Gulu la timathirayango 8 ndi Sarvarogahara, limene opembedza amaligwirizanitsa ndi kuchotsa nthenda, ndipo ndimo mukhala milungu ya mawu. Pangodya za kathirayango kapakati pali Kameshvari, Vajreshvari ndi Bhagamalini. Simukuyenera kuloweza zonsezi tsopano. Ndazitchula kuti muone chifukwa chake opembedza amakhala ndi nkhawa mzere ukapotoka: malo alionse pachithunzipo ali ndi mwini wake.

Pamenepa ndi pamene ma yantra ambiri a m'sitolo amalakwika. Kujambula Sri Yantra n'kovuta chifukwa pali malo angapo, otchedwa marma, pamene mizere 3 iyenera kukumana pa nsonga imodzi yeniyeni. Wojambula akaphonya pang'ono, pamalopo pamatuluka kathirayango kakang'ono kosafunika, ndiye chiwerengero chija cha 43 chimasokonekera. Njira ina yakale yojambulira imagawa mzere woimirira wodutsa pakati pa mkombero m'zigawo 48, n'kujambula mizere yopingasa 9 pa zigawo 6, 12, 17, 20, 23, 27, 30, 36 ndi 42 kuchokera pamwamba. Mzere wachitatu ndi wachisanu ndi chiwiri ndiyo imafika mpaka pamkombero, chifukwa ndiyo maziko a mathirayango awiri aakulu kwambiri. Ngakhale ndi manambala amenewa, mmisiri amafunikabe kuwongola ndi dzanja kuti mizere ikumane bwino. Choncho tengani galasi lokulitsira zinthu, kapena jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho, muone zinthu zinayi: mizere itatu ikukumanadi popanda mpata, masamba alidi 16 ndi 8, kadontho kali mkati mwa kathirayango kapakati osati pamzere, ndipo zipata zonse zilipo. Mukapeza kupotoka pang'ono pa yantra imene banja lapembedzerapo zaka zambiri, musaitaye. Ine ndingati kukhulupirika kwa apongozi anu pa zaka zonsezo n'kolemera kuposa theka la milimita. Kuyang'anitsitsa kotereku n'kofunika kwambiri pogula yatsopano.

Yanuyo ndi yafulati, imene imatchedwa bhuprastara, ndipo ndiyo yoyenera m'nyumba. Ilipo ina yotukuka ngati msana wa kamba, ndi ina yonga phiri la masitepe yotchedwa Meru. Meru yopatulidwa imafuna mapemphero ochuluka tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake aphunzitsi ambiri salimbikitsa oyamba kumene kuigula.

Za malo. Pezani ngodya yabata m'nyumba, makamaka ya kumpoto chakummawa kapena kummawa, yosagundana ndi khoma la chimbudzi komanso yosaloza kumapazi a bedi. Ikani kathebulo kakafupi kapena thabwa laukhondo, yalanipo nsalu yofiira yathonje kapena yasilika, ndipo goneketsani yantrayo chafulati pansaluyo. Isakhale pansi penipeni. Wopembedza amakhala pamphasa atayang'ana kummawa, kapena kumpoto ngati chipinda sichilola. Chimene ambiri amalakwitsa ndi kutembenuza kwake. Nsonga ya kathirayango kapakati iyenera kuloza kwa inu, kutanthauza kuti mathirayango 5 a Shakti aja aloze kumene mwakhala. Popeza kambaleko n'kofanana mbali zonse mukakaonera patali, n'kosavuta kukabwezera chadodolido mukamaliza kutsuka. Ikani kachizindikiro kuseri kwake, kadontho ka penti kapena ka phala la mtengo wonunkhira wa sandalwood, kokukumbutsani mbali yoyang'ana kwa inu. Ilipo miyambo ina imene imatembenuza mosiyana, ndiye ngati apongozi anu ankaika mwanjira ina, tsatirani iwowo. Chithunzi cha Sri Yantra cha papepala chili m'felemu mukhoza kuchiimika kukhoma la malo opemphererawo, koma chamkuwa chopatulidwa chigone.

Mapemphero a tsiku ndi tsiku asakhale aatali. Mphindi 10 mpaka 15 m'mawa n'zokwanira. Sambani, valani zoyera, ndipo musadye kaye ngati thanzi lanu likulola. Chotsani maluwa adzulo, pukutani kambaleko ndi kansalu kofewa kouma kamene simugwiritsa ntchito ina. Yatsani nyali ya ghee, omwe ndi mafuta a mkaka wa ng'ombe osungunula, kapena ya mafuta a chitowe, yokhala ndi chingwe cha thonje lopota. Ahindu amayamba ndi Ganesha, mulungu wochotsa zopinga, pa mwambo uliwonse, choncho nenani "Om Gam Ganapataye Namah" katatu. Kenako mumapereka zinthu 5 zimene zimatchedwa panchopachara, motsatana chonchi: phala la sandalwood, limene mumadontheza pang'ono pa bindu ndi chala cha mphete cha dzanja lamanja, duwa, makamaka lofiira, lubani, amene mumamuzunguza katatu, nyali, imene mumaionetsa kwa Devi, ndi chakudya, chimene chingakhale nthochi imodzi, mphesa zouma zochepa kapena kakapu ka mkaka wowiritsa wothira shuga. Zonse muzipereka ndi dzanja lamanja. Duwa musalinunkhize musanalipereke, chakudya musachilawe, ndipo chisakhale cha nyama, nsomba kapena mazira. Mukatha, chakudyacho chimasanduka prasada, chakudya chodalitsidwa, ndipo banja limagawana.

Mawu onena ndi nkhani imene ndikufuna muisamale kwambiri. Mantra yaikulu ya Sri Vidya, yotchedwa Panchadashi chifukwa ili ndi maphatikizo 15, imaperekedwa ndi mphunzitsi kwa wophunzira pa diksha, mwambo womulandirira m'gulu la opembedzawo. Masiku ano mungaipeze yolembedwa pa intaneti, koma otsatira mwambowu amakana kuti munthu aziitola yekha. Chifukwa chake n'chomveka: katchulidwe kake, kaikidwe ka manja ndi dongosolo lake zimaphunziridwa pakamwa, ndipo amene wailandira amalonjeza kuinena tsiku lililonse moyo wake wonse. Kwa inu amene simunalandire diksha, "Om Shri Matre Namah" ndi yokwanira ndipo aliyense amaloledwa kuinena. Inenani ka 108 pogwiritsa ntchito mkanda wowerengera wa mikanda 108. Mkanda waukulu wa pamfundo suwerengedwa ndipo sudumphidwa. Mukafika pamenepo n'kufuna kupitiriza, tembenuzani mkandawo mubwerere.

Zimene amuna anu ankaona Lachisanu ndi kumkum archana. Lachisanu ndi tsiku la Devi, limodzi ndi tsiku la mwezi wathunthu komanso masiku 9 a chikondwerero cha Navaratri, amene amagwa mu Seputembala kapena Okutobala. Wopembedza amatchula mayina a Devi limodzilimodzi, ndipo pa dzina lililonse amatsina kumkum ndi chala chachikulu, chapakati ndi cha mphete, n'kuika pakati pa yantra. Chala cholozera sachigwiritsa ntchito. Mayina 108 amatenga pafupifupi mphindi 10. Mayina 1000 a mu Lalita Sahasranama amatenga ola kapena kupitirira kwa munthu wosazolowera, ndiye yambani ndi 108. Masupuni aang'ono awiri a kumkum amakwana. Mukatha, kokolerani ufawo m'kabotolo ndi duwa kapena kansalu, ndipo ndi umene a m'banja amadzola pachipumi. Gulani kumkum weniweni, wopangidwa ndi turmeric ndi laimu. Ufa wina wofiira kwambiri wotchipa unapezeka kuti uli ndi mtovu, ndipo ndi woopsa makamaka kwa ana amene amaika zala m'kamwa. Wotereyo amasiyanso utoto wosachoka m'mizere.

Tifike pa kubiriwira kuja. Mkuwa ukakumana ndi chinyontho, mchere ndi zowawasa umachita dzimbiri lobiriwira. Ku Durban mpweya ndi wachinyontho komanso wamchere wa kunyanja, ndiye izi zimachitika msanga kuposa kumtunda. Koma gwero lenileni nthawi zambiri ndi zotsalira za mwambo wosambitsa yantra, umene umatchedwa abhisheka. Pa mwambowu amathira panchamrita, chosakaniza cha mkaka, chambiko, ghee, uchi ndi shuga. Chambiko n'chowawasa, uchi ndi shuga zimamata, ndipo zikatsalira m'mizere yozokotedwayo zimagwira fumbi la kumkum n'kuyamba kudya mkuwa. Maluwa onyowa ogona pakambale usiku wonse amachitanso chimodzimodzi, ndipo amasiya mabanga ozungulira.

Potsuka, yambani mwadziwa chimene kambaleko kapangidwa nacho. Ngati ndi mkuwa weniweni wosakutidwa, viikani bwemba wokwana chibakera chaching'ono m'madzi ofunda theka la kapu kwa mphindi 15, mufinye kuti likhale phala, muthiremo kamchere kosalala kotsina ndi zala. Madzi a ndimu imodzi amagwiranso ntchito yomweyo. Pakani ndi zala, dikirani mphindi 2 kapena 3 basi, kenako tsukani m'mizere ndi mswachi wofewa watsopano, motsatira mzere osati mopingasa. Tsukuluzani ndi madzi ambiri, pukutani nthawi yomweyo, ndipo kasiyeni pamphepo mpaka m'mizere muume. Mukasiya chowawasacho nthawi yaitali mkuwa umasanduka wotuwa mofiirira ndi mabangamabanga, ndipo mukapanda kuumitsa bwino kubiriwira kumabwerera m'sabata imodzi. Sitiliwulu, mchenga ndi sandipepa musayerekeze. Mizere ya ma yantra ambiri ndi yosazama, ndipo kukwecha kangapo kokha kumafafaniza kadontho kapakati ndi timathirayango tamkati. Ngati kambaleko n'kokutidwa ndi golide kapena siliva, kapena kali ndi vanishi wonyezimira, bwemba ndi mchere zidzasenda chokutiracho. Pamenepo gwiritsani ntchito madzi ofunda ndi nsalu yofewa zokha. Ya mwala woonekera wa sphatika imafunanso madzi okha, ndipo isayandikire lawi la nyali chifukwa kutentha kwa mbali imodzi kumaing'alula.

Abhisheka sifunika tsiku lililonse m'nyumba. Kamodzi pamwezi, pa mwezi wathunthu, n'kokwanira. Ikani yantra m'mbale yakuya yasitilo, thirani madzi oyera kaye, kenako panchamrita pang'onopang'ono pa bindu. Muyeso wa m'nyumba ungakhale masupuni aakulu 4 a mkaka, 2 a chambiko, ndi supuni yaing'ono imodzi ya ghee, ya uchi ndi ya shuga. Malizani ndi madzi ofunda pang'ono, chifukwa ozizira amaumitsa ghee m'mizere. Ngati mukufuna kugawa panchamrita kuti anthu amwe, patulani ina m'kapu yasitilo kapena yagalasi musanathire, ndipo muipereke ngati chakudya cha nsembe. Imene yakhalitsa pamkuwa, makamaka wobiriwira, musamwe, chifukwa chowawasa chimasungunula mkuwa ndipo zimenezi zimayambitsa nseru ndi kusanza. Madzi osambitsirawo musawathire musinki kapena m'ngalande. Kawathireni patsinde la mtengo kapena duwa pamene anthu saponda.

Mwambo wathunthu wa zigawo 9 zija, wotchedwa navavarana puja, ndi wa amene analandira diksha. Umatenga maola angapo. Wopembedza amayamba ndi kuyeretsa thupi lake pokhudza ziwalo ndi mantra, amakonza zikho za madzi opatulika, amaitana Devi kuchokera mumtima mwake kudzera pa duwa limene amaliika pa bindu, kenako amalemekeza milungu ya chigawo chilichonse kuyambira kumpanda mpaka pakati, ndipo pamapeto amabwezera Devi mumtima. Mfundo yotsirizayi ikuonetsa maganizo a mwambo wonse, akuti chimene chili pamkuwa ndi chimene chilinso m'thupi la wopembedzayo. Ngati banja likufuna mwambo umenewu, itanani wansembe wodziwa Sri Vidya kamodzi pachaka, pa Navaratri. Si wansembe aliyense anaphunzira zimenezi, choncho funsani momveka bwino kukachisi kwanu. Ku Durban akachisi a Ahindu ndi ambiri, ndipo achibale a amuna anu adzadziwa wopita kwa iye.

Mudzaonanso zithunzi zina kwa achibale, musazisokoneze. Nyenyezi ya nsonga 6 yopangidwa ndi mathirayango awiri, yolembedwa maphatikizo a "Sa-ra-va-na-bha-va", ndi ya Murugan, amene mabanja achitamil amamulemekeza kwambiri. Ya Kali imakhala ndi mathirayango oloza pansi okhaokha, ina mkati mwa inzake. Ziliponso za manambala, monga ya Surya, mulungu wa dzuwa, ya mabokosi 9 amene mzere uliwonse umapereka 15, ndi ya Kubera, msungichuma wa milungu, imene mzere uliwonse umapereka 72. Ya Kubera imeneyi ndiyo yoyandikira zimene anzanu aja akuganiza, ndipo amalonda amaisunga pafupi ndi posungira ndalama. Zojambula za ufa wa mpunga za pakhomo, kolam kapena rangoli, ndi zolandirira alendo ndi madalitso, ndipo zimajambulidwa mwatsopano nthawi ndi nthawi. Sri Yantra sijambulidwa pakhomo ngati kolam chifukwa ingapondedwe.

Pali masiku amene mabanja ambiri amaimitsa mapemphero a m'nyumba, monga pakagwa maliro a wachibale wapafupi kapena pakabadwa mwana, ndipo ena amatero mayi akakhala kumwezi. Kutalika kwa masikuwo kumasiyana banja ndi banja, ndiye ili ndi funso linanso la apongozi anu. Mukamachoka pakhomo kwa masiku ochepa, perekani nsembe ya m'mawa, chotsani maluwa onse, umitsani kambaleko ndi kukaphimba ndi nsalu yofiira. Ulendo ukakhala wa milungu yambiri ndipo yantra ndi yopatulidwa, isiyeni kwa wachibale amene amapemphera tsiku ndi tsiku. Nyali musaisiye ikuyaka m'nyumba mopanda munthu, ndipo nsalu ya pansi pa yantra italikirane ndi lawi.

Kambale kakang'aluka, kakabooka, kapena mizere yapakati ikafafanizika moti simungathenso kuwerenga timathirayango, Ahindu sapitiriza kupembedzerapo. Wansembe amachita mwambo wotsanzika Devi kuti achoke m'chithunzicho, kenako mkuwawo umamizidwa mumtsinje kapena m'nyanja, kapena umasiyidwa kukachisi. M'bini sukalowa. Kubiriwira kokha si chifukwa chochitira zimenezi. Tsukani monga ndafotokozera, muwerengenso zigawo 9 zija pamalo owala, ndipo ngati zonse zikuoneka, bwezerani kambaleko pansalu yake nsonga yapakati italoza kwa inu.